Tikambe za Geni: Oda yaikulu yabwera, koma ndalama yake idzachedwa

FUNSO: Zikomo a Tikambe za Geni. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala pa boma pa Mchinji ndipo ndimapanga chiponde. Ndinayamba ndi mtondo, pano ndili ndi kamakina kamagetsi koperera mtedza ndipo ndinalemba atsikana awiri ondithandiza. Pamwezi ndimagulitsa mabotolo pafupifupi 200 m'maokala ndi kwa anthu a m'maofesi, botolo K4,200, ndalama pompopompo. Botolo limodzi limandidyera K3,000 ndikawerengera mtedza, botolo lenilenilo, kapepala komata, magetsi ndi malipiro a atsikana. Tsopano sitolo ina yaikulu ku Lilongwe yalawa chiponde changa ndipo ikufuna mabotolo 500 mwezi uliwonse pa mtengo wa K3,800, koma akuti azindilipira pakatha masiku 45. Mpamba wanga sungakwane. Ku banki m'khonde kwathu avomera kundibwereka K1,500,000 pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi. Amuna anga akuti ndisazengereze, mwayi woterewu subwera kawiri. Nditenge? Mayi wa ku Mchinji

YANKHO: Mayi, choyamba landirani ulemu wanu. Kuchoka pa mtondo mpaka sitolo ya mumzinda kukufunani si zamasewera. Chandisangalatsa koposa m'kalata yanu n'chakuti mukudziwa ndalama zimene botolo limodzi limakudyerani. Pa zaka zimene ndinakhala pa desiki ya ngongole mu SACCO (bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsa ndalama) ina ku Kasungu, ambiri obwera ndi mafomu ankangodziwa mtengo wogulitsira, ukawafunsa wopangira n'kuyamba kuyang'ana kudenga.

Yankho langa ndi ili: oda musaikane, koma ngongole ya K1,500,000 pa 20 peresenti pamwezi musaitenge. Tiyeni tiwerengere limodzi kuti bambo akunyumbako nawonso aone chifukwa chake.

Pa botolo lililonse lopita kusitoloko muzipeza K800, ndiye pa mabotolo 500 phindu ndi K400,000. Tsopano tsatirani ulendo wa ndalama yobwerekayo. Tinene kuti mwaitenga pa 15 Febuluwale. Mwagula mtedza ndi mabotolo, mwasankha, mwakazinga, mwapera, mwatsekera. Pa 1 Malichi katundu wafika ku Lilongwe. Masiku 45 akukwana pakati pa Epulo. Apa ndiye kuti ndalama ya gulu yakhala kunja miyezi iwiri yathunthu, ndipo chiwongoladzanja chake ndi K300,000 kawiri, kupanga K600,000. Phindu K400,000, chiwongoladzanja K600,000. Mwagona mochedwa, atsikana atopa, makina aperepeseka, kenaka mwatulutsanso K200,000 ya m'thumba mwanu kuti sitolo ya eni ikhale ndi chiponde pashelefu. Ndipo sindinawerengerepo galimoto yonyamula makatoni pa mtunda wa makilomita opitirira 100 wochokera ku Mchinji kukafika ku Lilongwe, kapena mabotolo amene adzakubwezereni ati atayikira mafuta.

Palinso china chimene kalata yanu sinatchule. Oda yachiwiri ikufunika pa 1 Epulo, ndalama ya oda yoyamba isanalowe. K1,500,000 inayo ichokera kuti? Mpamba weniweni umene sitoloyi ikukupemphani ndi K3,000,000, ndipo ndalama imeneyo idzakhala yomangika m'mashelefu mwawo nthawi yonse imene mudzakhale mukuwapatsira katundu. Kunena mosabisa, pa masiku 45 amenewo inuyo ndi amene mukukongoza sitoloyo, popanda chiwongoladzanja chilichonse, pamene inu mwakongola kwa anzanu pa 20 peresenti. Walira mvula walira matope: geni ikamakula imayamba yameza ndalama isanayambe kubweza, ndipo ndinaona mabizinesi okhala ndi phindu labwino papepala akutsekedwa chifukwa tsiku logula katundu linafika ndalama ili m'manja mwa ena.

Musandimve molakwa, banki m'khonde sindikuinyoza. Yatukula amayi ochuluka amene banki ya mtauni sikanawalola n'kulowa pakhomo. Koma ngongole yake inapangidwira geni yozungulira msanga: kupikula tomato Lolemba, Lachisanu ndalama yabwera, kuphika mandasi m'mawa, madzulo beseni lapita. Pamenepo K20 pa K100 iliyonse imapiririka chifukwa ndalamayo yazungulira kanayi kapena kasanu pamwezi. Yanu izungulira kamodzi pa miyezi iwiri. Mwina wina akuuzani kuti chiwongoladzanjacho chidzabwerera kwa inu nomwe pogawana mu Disembala. Chidzabweradi, koma gawo lolingana ndi masheya anu okha, chotsalacho n'cha anzanu. Ndipo ganizirani ichi: K1,500,000 mwina ndi ndalama yonse ya m'bokosi la gululo. Sitolo ikachedwa kulipira ndi milungu iwiri yokha, amene adzakugogodereni ndi amayi omwe mumakhala nawo benchi limodzi kutchalitchi, amene amadikira ndalama imeneyo kuti agulire feteleza.

Nanga mutani? Bwererani kusitoloko mukakambirane, mutanyamula kope lanu la mawerengero. Auzeni kuti mukufuna kuyamba ndi mabotolo 150 kapena 200 pa miyezi itatu yoyamba. Mabotolo 150 akufuna K450,000, kawiri ndi K900,000, ndalama imene mbali ina ingachokere m'phindu la makasitomala anu akale. Pemphani kuti masiku atsike afike 14 kapena 21, ngakhale mutatsitsako pang'ono mtengo, chifukwa K50 yochotsa pa botolo ndi yochepa poyerekeza ndi K600 imene botolo lomwelo lingadye pa mwezi umodzi wa ngongole ya gulu. Afunseni kuti masiku 45 amayamba kuwerengedwa liti: tsiku lotula katundu, kapena kumapeto kwa mwezi? Kusiyana kwake kungafike masiku 30. Afunsenso kuti katundu wosagulidwa ndi wa ndani. Zonsezi zilembedwe, ndipo oda iliyonse ibwere ndi LPO (kalata ya sitolo yoitanitsira katundu) yosainidwa ndi kudindidwa. Musatule katoni ngakhale imodzi chifukwa cha mawu a pafoni a bwana wogula katundu, pakuti mabwana amasamutsidwa ndipo wobwera m'malo mwake sadzakudziwani.

LPO imeneyo ilinso ndi ntchito ina. Mabanki ena amabwereketsa ndalama potengera LPO kapena invoisi ya kampani yodziwika, ndalama ikatuluka kusitolo iwo n'kuyamba adulapo yawo. Kuti akumvereni afuna kuona chiphaso cha boma cholembetsera bizinesi, nambala ya msonkho ya TPIN ya ku MRA, ndi akaunti ya bizinesi imene ndalama zakhala zikulowa ndi kutuluka kwa miyezi ingapo. Ngati mulibe zinthu zitatuzi, yambani nazo sabata ino, chifukwa sitolo nayonso idzazifuna polipira.

Ngongole za kubanki si zotsika mtengo masiku ano. Mu Febuluwale 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti pachaka, ndipo mabanki pobwereketsa anthu wamba amaonjezerapo pawo. Komabe onani kusiyana kwake: ngakhale atakuuzani 36 peresenti pachaka, imeneyo ndi 3 peresenti pamwezi, pamene ya kugulu kwanu ikafika 240 peresenti pachaka. Pa K1,500,000 kwa miyezi iwiri, 3 peresenti ndi K90,000 basi. Ma SACCO, amene ambiri ali pansi pa bungwe lawo lalikulu la MUSCCO, amabwereketsa potengera masheya amene mwasunga, kawirikawiri kawiri kapena katatu ka ndalama yanuyo. Ngati simunalowe, lowani tsopano muziponya pang'onopang'ono, kuti pofika nthawi yokolola mukhale ndi poyambira. Za chikole musade nkhawa kuti mulibe chikalata cha malo. Chiyambire lamulo la Personal Property Security Act la 2013, katundu wosunthika monga makina anuwo akhoza kulembetsedwa ngati chikole. Koma dziwani kuti mukalephera kubweza, chimene chidzanyamulidwe ndi chomwe chimakudyetsani.

Kulikonse kumene mungapite, funsani funso limodzi ili musanasaine: chiwongoladzanja mukuwerengera pa ndalama yonse imene ndatenga, kapena pa imene yatsala? Yoyambayo amati flat rate, yachiwiriyo reducing balance. Tinene kuti mwatenga K1,200,000 kwa miyezi 12 pa 3 peresenti pamwezi, mukubweza K100,000 ya mpamba mwezi uliwonse. Akamawerengera pa ndalama yonse, muzilipira K36,000 mwezi ndi mwezi mpaka kumapeto, pamodzi K432,000. Akamawerengera pa yotsala, chiwongoladzanja chimatsika mwezi uliwonse ndipo chonse pamodzi ndi K234,000. Onse awiri akuuzani kuti "3 peresenti", koma kusiyana kwake ndi K198,000. Funsaninso za ndalama yoyendetsera fomu ndi ya inshulansi zimene amadula musanalandire, ndipo muwauze akulembereni pa pepala ndalama yonse imene mudzakhale mutabweza pomaliza.

Ndikadakhala inu, ngongole yanga yoyamba ikadapita ku mtedza. Mumakhala m'boma limene mtedza umalimidwa kwambiri, ndipo mukudziwa kuposa ine mmene ndowa imatsikira mtengo mu Meyi ndi Juni, n'kudzakwera mvula ikagwa anthu akufuna mbewu. Kugula mtedza wa mtundu wa CG7 wokwanira miyezi ingapo pa nthawi yokolola kungatsitse K3,000 ija, ndipo K200 iliyonse yotsika pa botolo ndi phindu limene simufunika kupempha kwa munthu. Koma apa pali chuku. Mtedza wosauma bwino, wosungidwa pansi pa simenti, kapena umene mavenda anawaza madzi kuti usavute kuswa, umachita chuku chimene chimatulutsa poizoni wowononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Gulani wa makoko, wouma wolira mukaugwedeza, muusanjike pa mathabwa m'chipinda chopita mphepo, muziswa wokwanira sabata imeneyo ndi kutaya njere zonse zofota ndi zakuda. A Malawi Bureau of Standards amayeza zimenezi asanapereke chizindikiro chawo, ndipo sitolo yaikulu idzafuna chizindikiro cha MBS pa botolo lanu. Kuchipeza kumafuna ndalama ndi nthawi, choncho muike m'mawerengero anu. Chiponde chimadyedwa kwambiri ndi ana, ndiye nkhani imeneyi musaichepetse ngakhale pakadapanda woyeza.

Chomaliza kwa inu, mayi: makasitomala anu a m'maokala ndi m'maofesi musawataye. Amakupatsani K1,200 pa botolo, K240,000 pamwezi, ndalama ya m'manja tsiku lomwelo. Kamakina kamene kamapera mabotolo 200 mukakauza kapere 700, magetsi n'kumathimathima, oyamba kusowa chiponde adzakhala iwowo chifukwa mudzaopa kukhumudwitsa sitolo. Umenewo ndiwo msampha umene ndikuuopa kwambiri pa nkhani yanu yonse.

FUNSO: Ndili ndi kashopu ka hadiweya ku Ndirande. Ndimagulitsa penti, misomali, maloko, mahinjesi ndi mapaipi. Makasitomala alipo ndipo tsiku silipita osagulitsa, komanso pa chilichonse ndimaikapo phindu. Chondidabwitsa n'chakuti mashelefu akunka napepuka. Chaka chatha ndinkapikula zitini 20 za penti, pano ndikukwanitsa 12. Mng'ono wanga ndi amene amakhala pashopu ine ndikapita ku Limbe. Kodi akundibera? Mnyamata wa ku Ndirande

YANKHO: Achimwene, musafulumire kuloza chala mng'ono wanu. N'kutheka, koma pali mabowo atatu amene muyenera kuyamba mwawaona, ndipo onse ali m'manja mwanu.

Loyamba ndi mtengo. Tinene kuti chitini munapikula pa K20,000 n'kugulitsa K24,000. Mwagulitsa zitini 10, muli ndi K240,000, mtima uli m'malo kuti mwapindula K40,000. Mwafika ku Limbe mwapeza chitini chili pa K26,000. Ndalama yanu yonse, mpamba ndi phindu lomwe, igula zitini 9. Mwagulitsa 10, mwabwera ndi 9, musanadye ngakhale tambala. Katundu wa hadiweya wambiri amachokera kunja kapena amapangidwa ndi zipangizo zakunja, ndiye amatsatira dola. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ogulitsa ambiri amene anapitiriza mitengo yakale poti "ndinagula motchipa" mashopu awo anaphwa m'milungu yochepa. Mtengo wanu uzichokera pa ndalama imene mudzagulire chitini china mawa. Khalani ndi nambala za ogulitsa awiri kapena atatu a ku Limbe, muziwafunsa mitengo pa WhatsApp Lolemba lililonse, mukasintha muzilemba pa chikatoni kuti mng'ono wanu asagulitse pa mtengo wa mwezi watha.

Lachiwiri ndi dzanja lanu lomwe. Ndiwo za kunyumba, mayunitsi a magetsi, chopepesa maliro, fizi ya mwana wa achemwali: zonsezi ngati zikutuluka m'kabati ya shopu osalembedwa, simungadziwe kuti shopu ikupanga zingati. Dziikireni malipiro a pamwezi ngati wantchito wina aliyense, muzitenga kawiri pamwezi, ndipo zothandiza abale zizichokera m'malipiro amenewo. Sindikuti muumire abale mtima. Ndikuti wachibale akabwera muzitha kunena moona kuti za mwezi uno zatha, m'malo motsegula kabati n'kupereka ndalama ya zitini ziwiri. Nambala ya Airtel Money kapena ya TNM Mpamba yolandirira makasitomala ikhale yapadera, yosiyana ndi imene mumatumizira ndalama kumudzi. Mng'ono wanunso mumulipire malipiro odziwika. Wachibale wogwira ntchito tsiku lonse popanda malipiro amadzilipira yekha, ndipo mumtima mwake saona kuti walakwa.

Lachitatu ndi amisiri otenga katundu pa ngongole ati "bwana akandilipira ndibweretsa". Tsegulani kope lawo muonkhetse. Anthu ambiri akachita zimenezi amapeza kuti zitini zimene zikusowa pashelefu zili pa makoma a nyumba za anthu. Ikani malire a ndalama ndi a masiku, ndipo amene sanamalize yakale asatenge yatsopano.

Mukatero, tsekani shopu theka la tsiku kumapeto kwa mwezi muwerenge katundu yense, inu ndi mng'ono wanu limodzi. Katundu amene munali naye pa 1, kuphatikiza amene mwapikula, kuchotsa amene walembedwa kuti wagulitsidwa, ayenera kufanana ndi amene ali pashelefu. Zikasiyana miyezi iwiri yotsatizana, pamenepo mukhoza kukhala naye pansi, muli ndi manambala m'manja. Powerengapo mudzaonanso katundu amene wakhala miyezi isanu ndi umodzi osasuntha. Mutsitseni mtengo atuluke, ndalamayo ipite ku misomali ndi penti zimene zimayenda.

FUNSO: Ndimasoka zovala ku Zomba, ndili ndi makina awiri. Achimwene anga amene ali ku Johannesburg akufuna kunditumizira K2,000,000 kuti ndigule makina ena ndi nsalu za yunifolomu, akuti "tipange limodzi". Ndikusangalala koma ndikuopa kuti tingadzayambane. Telala wa ku Zomba

YANKHO: Achemwali, mantha anuwo ngoyenera, ndipo mankhwala ake ndi kufunsa funso limene abale amachita nalo manyazi. Ndalama isanatuluke ku Mukuru, afunseni achimwenewo kuti imeneyi ndi mphatso, ngongole, kapena akugula gawo la bizinesi. Mawu akuti "tipange limodzi" inu mukhoza kuwamva ngati thandizo, iwo akutanthauza kuti theka la shopu ndi lawo.

Ngati ndi ngongole, gwirizanani kuti mudzabweza zingati, liti, komanso m'ndalama ya dziko liti. Ichi n'chofunika: iwo akutumiza ma rand amene anawavutikira, ndipo kwacha ikagwa, K2,000,000 imene mudzabweze idzakhala yochepa m'maso mwawo. Mukalonjeza kubweza ma rand, vutolo lagwera inu amene mumalandira makwacha. Sankhani chimodzi maso ali poyera.

Ngati akugula gawo, yambani mwawerengera zanu: makina awiri, mashelefu, nsalu zimene zilipo, ndi makasitomala amene mwawasonkhanitsa pa zaka zonsezi. Zimenezo ndi mpamba wanu, musalowe m'mgwirizano ngati munthu wopanda kanthu. Kenaka malipiro anu a usoki achotsedwe kaye mwezi uliwonse phindu lisanagawidwe, chifukwa inu ndi amene mudzakhale pa makina pamene iwo ali kutali. Gwirizananinso kuti phindu lizigawidwa kangati pachaka, ndani angaloleze kugula chinthu chachikulu, ndipo wina akafuna kutuluka adzatenga chiyani. Lembani pa pepala limodzi, musaine nonse, mboni ziwiri zisainenso, mmodzi wa kubanja ndi wina wapadera, ndipo alamu anu adziwe zimene zalembedwa. Imfa ikagwa, amene amabwera kudzafunsa za makina ndi anthu amene sanalipo pokambirana, ndipo pepala limenelo ndi limene lidzayankhe.

Za yunifolomu, gulani nsalu mutaona kaye oda ya sukulu yolembedwa, ndipo pemphani theka la ndalama musanadule nsalu. Chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala, choncho makina afike pofika Juni kuti telala amene mudzamulembe akhale atawazolowera ntchito isanachuluke.